Dzanja Lamanzere

"Lamanja, iwe Jenala! Nizikamba kangati?"

Mayi ake anamulanda chikho m'dzanja lamanzere n'kumugwiritsa kumanja.

Kuyambira m'mawa Jenala sanakhale pansi. Pakhonde panali azakhali a Lyford, mnyamata wophunzira zauphunzitsi ku Chalimbana, ndipo anabwera kudzaona mtsikana amene mwana wawo wafunsira. Kupatsa mlendo wotere madzi ndi dzanja lamanzere n'chipongwe, koma dzanja la Jenala silinkamva, ngakhale mayi ake analikwapula kuyambira ali mwana.

"Nanga nikaiwala, Amai?"

"Adzakubweza. Ku Fort Jameson ninaona mtsikana atabwezedwa ukwati pa nkhani yomweyi."

Jenala atangogwada pamaso pa mlendo, nkhuku zinalira pabwalo. Kabawi anali atatsikira anapiye. Mwala unadutsa pamwamba pa mutu wa Jenala, ndipo kabawi uja anagwa pansi, nthenga zili mbwee.

Jenala anacheuka. Mayi ake anali chiimire, dzanja lamanzere likadali m'mwamba. Pazala zake panali zipsera zakale, zimene iwo ankati n'zamoto. Apo m'pamene Jenala anamudziwa mtsikana wa ku Fort Jameson uja, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake.

Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ngati mwanayu anatengera dzanja limenelo, nkhuku za Lyford zapulumuka!"

"Ninatengera," anayankha Jenala, maso ali pa mayi ake. "Zonse ninatengera kwa iwo."

Anatambasula dzanja kuti apereke madzi aja.

"Lamanja, iwe," mayi ake ananong'ona.