Nyama Imene Royce Sanagule

"Manambala ake ndi awa," anatero Gwendolyn, wapampando wa komiti yosankha osewera akale oti alowe m'nyumba ya ulemu ya timu yawo ya mpira wa ku America ku Ohio. "Royce Tillery ankaponya mpira bwino, koma anagwetsedwa maulendo 212 mpira uli m'manja. A Hoskins, munkamutchinjiriza ndinu. Mukuti bwanji?"

Hoskins anakumbukira mwambo wawo. Timu ikapambana, woponya mpira ankagulira omutchinjiriza nyama yootcha. Royce ankaitana onse kupatula Hoskins, ati amadya ngati nkhumba.

"Asalowe ameneyo!" anatero Hoskins. "Munthu wongokhalira kugwa?"

Potuluka, Gwendolyn anafunsa, "Kodi omugwetsawo ankadutsira mbali iti?"

Hoskins anavala chipewa chake mosapupuluma.

"Yanga, mayi. Munthu wanjala mphamvu angazitenge kuti?"