Mwatitha pa Sikelo

Kuno kwathu mwana akagwidwa akuba, asanafunsidwe kanthu amayamba wakwera sikelo. Makina a kompyuta a ku boma anaona kuti milandu ya ana m'chigawo chino imachuluka mu Febuluwale, nkhokwe zikauma, n'kuzilala tikakolola. Choncho lamulo limati mwana amene wapepuka ndi njala asapite kukhoti.

Mwana wanga Mwatitha anagwidwa akuzula chinangwa m'munda mwa a Chikaonda. Ine ndi manyazi angawa ndinamuveka majuzi awiri ndi nsapato za malemu bambo ake, n'kumumwetsa madzi ambiri kuti alemereko.

"Akakufunsa, ukanene kuti kwathu timadya katatu," ndinamuuza. "Tisanyozeke."

Ku ofesi ya boma komwe kuli sikeloyo, mlembi, mtsikana wamaso akuthwa, anayang'ana majuzi aja kunja kukutentha.

"Mayi, mukufuna mwanayu akagone kundende ya ana?"

"Ayi, mwananga."

"Ndiye muvuleni."

Ndinamuvula. Sikelo inalankhula anthu onse akumva kuti watsika makilo anayi kuyambira pa Khirisimasi. Mlandu unathera pomwepo. Anamulembera kuti azikadya kwa a Chikaonda mpaka tikolole, Loweruka aziwapalilira chinangwa chomwecho.

A Chikaonda sanawiringule. Anangondiuza kuti, "Mukanangondiuza, a Nankhoma."

Masiku ano Mwatitha amabwera madzulo ndi kambale kovindikira, ati chakudya chinatsala. Ndimadziwa kuti kumeneko sikutsala kanthu, a Chikaonda amachita kundipatulira. Ndimalandira ndi manja awiri, ndipo ndinasiya zonena kuti ndadya kale.