Woyeza Anachedwa kwa Madala

Woyeza magetsi anali atagwada pa soketi ya kuseri kwa chitseko. Madala anaima pawindo, manja kumbuyo, ngati munthu wodikira chigamulo.

Nyumba ziwirizo zinali zatsopano, zoyang'anizana, msewu wafumbi pakati. Mwini wake, mayi wogulitsa matabwa, anagawa ntchito mosakondera: iyi aike mawaya Madala, inayo aike mlamu wawo, mchimwene wamng'ono wa akazi awo. Amene ntchito yake ikhutiritse woyeza ndiye atenge nyumba zonse zotsala mumzerewo.

Mlamuyo anamuphunzitsa ndi Madala omwe. Anabwera kwawo asakudziwa ndi kusenda waya komwe, akudula mkuwa pamodzi ndi khungu lake. Lero ali ndi njinga yamoto, ovolosi yolembedwa dzina kumsana, ndi pakamwa potsekemera. Ngakhale kunyumba akazi awo sakamba zina. Achimwene agula ichi, achimwene aitanidwa uko.

M'mawa uja woyeza anayambira kwa mlamuyo. Madala anaona zonse pawindo lomweli. Munthuyo analowa ndi chikwama chake cha makina, ndipo fumbi la galimoto yake lisanakhazikike bwino, anali atatuluka kale. Anaima pakhonde akuseka, dzanja lili paphewa la mlamu uja. Mlamunso akugwedeza mutu, mano onse pamtunda.

Koma kuno, ha! Dzuwa linafika paliwombo munthu adakali mkati. Anatsegula bokosi la magetsi n'kukoka waya uliwonse ngati akuzula udzu. Anamasula maswichi. Anatuluka panja kukafukula ndodo yamkuwa yotsitsira moto pansi, kuti aone ngati waya wake wagwira. Soketi iliyonse ankailowetsa makina, kuyang'ana, kungoti “mhm,” n'kupita pa ina.

“Pali chalakwika, bwana?” anafunsa Madala.

“Mhm,” anatero woyeza. “Ndibwerekeni makwerero.”

Anakwera n'kulowa m'denga, nsapato zokha zikuonekera pachibowo.

Mtima wa Madala unayamba kuwira pang'onopang'ono ngati madzi apamakala. Zaka zonsezi palibe nyumba yawo inapsapo. Palibe mwana anagwidwapo ndi magetsi pa ntchito ya manja awo. Nanga lero awasecha ngati mbava, pamene mwana wadzulodzuloyu angomusisita paphewa? Anasuzumiranso kutsidya. Mlamu uja anali atakhala panjinga yake, foni kukhutu. Ndithu akuuza alongo ake, anaganiza Madala. Madzulo ndikamva nkhaniyi ndisanavule nsapato.

Posakhalitsa anatulukira mwini nyumba, mulu wa makiyi uli m'manja.

“Zikuyenda, bambo? Ndaona kutsidyaku atha kalekale.”

“Atha, mayi. Ena amayezedwa ndi makina, ena ndi kumwetulira.”

Mayiyo anaseka, akuyesa nthabwala. Madala sanaseke. Anayamba kutolera zipangizo zawo n'kumaziponya m'thumba, pulayazi, sikuludiraiva, zotsala za tepi. Kudikira kuti auzidwe pamaso pa anthu kuti mlamu wawapambana? Ayi, bola kudzichotsa okha ulemu ukadalipo.

“Nyumba zotsalazo apatseni alamu angawo,” anatero. “Ndiwo okondedwa. Ife tsobola wakale, sitiwawanso.”

“Inu bambo, osadikira kaye woyeza atsike?”

“Ndadikira mokwana. Ine ndasamba m'manja. Ngakhale mundipatse, sindizigwira.”

Mayiyo sanawaumirize. Sanali munthu wonyengerera wantchito.

“Mwanena nokha,” anatero. Anawoloka msewu. Madala anaona makiyi a nyumba zotsalazo akuchoka m'dzanja la mayiyo kulowa m'dzanja la mlamu, yemwe anawalandira ndi manja awiri, kukamwa kuli yasa. Kenaka mayiyo anakwera galimoto yake n'kumapita.

M'denga munamveka kukwawa. Woyeza anatsika chafutambuyo, tsitsi lili mbuu ndi fumbi, ulusi wa akangaude uli m'makutu. Anadzikuntha, n'kuyang'ana Madala ndi nkhope yowala.

“Madala, ndikanakonda anthu onse akanamagwira ntchito chonchi. Ndafufuza mpaka kumapeto, sindinapeze ndi kamodzi komwe. Chiphaso chanu mutenga lero.”

“Mwavutika,” anayankha Madala mozizira. “Kwa alamu anga simunavutike chotere.”

Woyeza anaima, makina ali m'manja.

“Kuja? Ndikanachedwa kuyeza chiyani? Soketi yoyamba yomwe inalibe waya wotsitsira moto pansi. Ndamuuza aphwasule zonse ayambirenso, ndipo ndati akakupempheni inu mumuonetse.”