Banga la Paphewa la Lestina

Nsalu itatsetsereka paphewa la Lestina, mlamu wake Idah anasiya kuthyola tiyi.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Linali banga lozungulira, lotuwa pakati, m'mbali mwake muli timatuza. Lestina analiphimba msanga ndi dzanja, maso ali kumunsi kwa mzere kumene kapitawo ankayendera madengu.

"N'chipere chabe. Chimayabwa."

"Akazi a Samsoni ankateronso," Idah ananong'ona. "Kapitawo atangowaona anawapereka kumsasa wa akhate kumishoni. Khanda lawo likuyamwa kwa mayi wina."

Lestina anamva mwana wake akupuma kumsana.

Idah anazula munga umene unakola m'mphepete mwa nsalu yake. "Tsinzinani. Pachipere pamamva kuwawa, pakhate sipamva. Ndikakubayani munene."

Lestina anatsinzina. Anamva thukuta likutsika m'khosi, anamva ntchentche itatera pamwendo, koma paphewa sanamve kanthu. Anadikira. Mawu a kapitawo ankayandikira.

"Mwabaya kale?" anafunsa Lestina.

"Ayi. Dzanja likukana."

"Bayani, alamu, chonde."

Munga unalowa pakati pa banga, ululu n'kuthamanga mpaka kuchigongono. Lestina analuma mlomo kuti asakuwe, misozi ikutsika.

"Ndamva," anatero. "Alamu, ndamva."

Idah anataya mungawo msanga. Kapitawo anali ataima kale kumbuyo kwawo, ndipo iye sankayesa munthu ndi munga.

"Mayi inu," anatero, "tachotsani dzanjalo paphewapo."