Nyani Ajambula Ana a Pumbwa

Padangotero, m'nkhalango ina yotetezedwa munali Pumbwa, bambo amene anabisa ana ake atatu pakati pa masamba. Tsiku lina kunabwera Nyani atakoloweka kamera m'khosi, nayamba kuthyola nthambi zophimba chisa.

"A Nyani, mukutani pakhomo panga?" anakalipa Pumbwa.

"Masambawa akutchinga kuwala, achimwene. Khalani phee, ana anu atchuka."

"Atchuka kwa yani? Khwangwala ali apoyo, simukumuona?"

Nyani anangoseka, najambula, natsika. Pumbwa anatambasula mapiko, koma mapiko awiri sanakwanire ana atatu. Khwangwala anakwatula mmodzi n'kuuluka naye.

Nyani anabwereranso akumwetulira, naonetsa Pumbwa chithunzicho. "Taonani, atuluka bwino onse atatu!"

Pumbwa analoza chisa mwaukali. "Atatuwo ali m'kamera mwanumo. Suzumirani m'chisa muno muwerenge."