Feteleza Amene Dambo Linasanza

Panali munthu wina, mkulu wouma mutu, anzake ankamutcha Mangalande. Nkhaniyi ndi yoona. Ine ndinaliko, ndipo chibadwire sindinanamepo.

Mkuluyu anali ndi dambo la dothi lakuda, lofewa ngati matiresi, lija lochokera ku bango ndi udzu woola. Ali mnyamata anakumba ngalande, madzi onse anathawa, iye n'kuyamba kulimamo. Feteleza ankathira ngati akumwaza mchenga. Kabichi wake mmodzi tinkanyamula anthu anayi, wachisanu akulozera njira.

Zaka zinapita. Mkazi wake anamwalira, ana anabalalika ndi ntchito. Dothi linauma, linatitimira, mbewu zinayamba kukana. Chinamutsalira ndi dziwe la nsomba kumunsi kwa dambolo, limene malemu mkazi wake anakumba ndi manja ake. M'mawa uliwonse ankagogoda chitini, nsomba n'kubwera, iye n'kumacheza nazo. Inalipo ina yaikulu, yoti tsiku loyamba ine ndinaiyesa mwana wa ng'ombe. Imeneyo ankaiuza zonse zimene akadauza mkazi wake.

Chaka china dziwe linayamba kuphwa. Mangalande anaganiza zotseka ngalande kuti dambo lidzadze madzi ngati kale, kenako apatutsire madziwo kwa nsomba.

Akudzaza mchenga m'matumba otsekera ngalandezo, kunafika mayi wina woyeza nthaka. Anatapa dothi, analiyeza, n'kupukusa mutu.

"Bambo, kubwezera madzi ndi nzeru yabwino, koma musathamange. Feteleza munkathira uja sanathe. Muli mchere wina wotchedwa fosifolasi. Mwaona dzimbiri lofiirali m'ngalandemu? Dothi likakhala louma, dzimbirili limagwira mcherewo. Likamira m'madzi, limautaya wonse. Yambani mwapala dothi lapamwambali, mudzale bango lizimwa wotsalawo, muzilidula. Madziwa asafike kwa nsomba msanga."

"Mwana wanga, dambo ili ndinalikumba amako asanadziwane ndi abambo ako. Dzimbiri lili ndi manja? Feteleza uja anadya ndi kabichi, kabichiyo ndinadya ndine. Ngati ukumufuna, yeza m'mimba mwangamu."

"Ndiye bola muzitungira nsombazi madzi a pachitsime, bambo."

"Ndi msana uti? Ukuona wina pakhomo pano?"

 Mayiyo analemba nambala yake ya foni pakapepala n'kumusiyira. Mkuluyo anapichirira fodya kapepalako.

Anatseka ngalande. Mvula inagwa, dambo linadzadza, achule anabwerera. Anatsegula kamsewu ka madzi kopita kudziwe, dziwe n'kusefukira. Madzi ali mbee! Anaimbira mwana wake wamkazi kuti amuuze, foni inangolira mpaka kuduka. Anakauza nsomba yaikulu ija.

Dzuwa litayamba kuswa mtengo, madzi anasanduka obiriwira. Ndere zinamera, zinadya mchere uja umene dothi linataya, zinakhuthala. Ine ndinaimikamo khasu, linaima chilili masiku atatu. Kenako nderezo zinayamba kuola n'kumaliza mpweya wa m'madzi. Fungo lake ntchentche zinkakomoka zili m'malere.

M'mawa wina anagogoda chitini. Zii. Anagogodanso. Atakankha ndere ndi ndodo, anaona nsomba zonse zitayandama, mimba zili m'mwamba. Yaikulu ija inali pamphepete, pomwe iye ankakhala, kukamwa kuli yasa.

Anathamangira m'nyumba kuti aimbire mayi uja. Anasanthula matumba a jekete, pansi pa pilo, m'kabati. Kenako anakumbukira: nambala ija anaisuta.

Nsombazo anazikwirira yekha. Yaikuluyo anaikumbira dzenje lakelake, nakhala pamenepo mpaka mthunzi unamuchokera.

Mpaka lero m'mawa uliwonse amagogodabe chitini chija. Amayankha ndi achule.

Phunziro: Dothi siliiwala. Chimene unalimwetsa lili louma, lidzachisanza likakhuta madzi. Wodziwa akakuuza kuti dikira, usamuwerengere zaka zobadwa. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene ali ndi dambo. Ndipo ngati muli ndi kholo lokhala lokha, foni yake ikalira muziyankha.