Chimene Belita Anakulunga M'chitenje

Amayi ovina atangokhala pansi, Belita anachoka kumbuyo kwa bwalo la sukulu ku Nazombe n'kudzakhala mzere wakutsogolo, moyang'anizana ndi phungu wa deralo, a Goodman Namulo. Pamiyendo pake panali kamtolo kokulunga m'chitenje chakuda. Dzanja lake silinkachokapo.

Mayi amene anayandikana naye anayang'ana kamtoloko, n'kuyang'ana nkhope ya Belita, kenaka anasendera patali. Ku Nazombe kunalibe wosadziwa kuti Belita ali ndi mangawa ndi phunguyo. Anali atalumbira pamanda a mwamuna wake, anthu onse akumva, kuti tsiku lina a Namulo adzalawako.

Kale Wailesi ya Chigwa inali ya anthu a ku Phalombe konkuno. Mvula ikagwa kuphiri, anthu a kumtunda ankaimba foni kuti mtsinje wadzadza. Muulutsi ankadula nyimbo pakati n'kuchenjeza m'Chichewa ndi m'Chilomwe kuti onse a kumadimba athawe. N'chifukwa chake mlimi wa mpunga sankapita kumunda wopanda wailesi. Ankaikoleka pamtengo n'kumalima makutu ali komweko.

Kenaka kunabwera kampani ya ku Blantyre yotchedwa Mphezi. Inagula Chigwa, n'kugulanso mawailesi ena awiri omveka m'chigwamo. Amene ananyengerera komiti ya Chigwa kuti igulitse anali a Namulo omwewa. Aulutsi akuno anawauza kuti apite akalime. Mapulogalamu onse anayamba kuchokera ku Blantyre, kwa anthu osadziwa n'komwe kumene mtsinje wa Phalombe umalowera.

Tsiku limene mtsinje unasefukira, foni ya ku situdiyo inalira mpaka kutopa, woyankha panalibe. Fraser, mwamuna wa Belita, anali m'munda wa mpunga, dzuwa likuwala, akudalira wailesi monga mwa masiku onse. Thupi lake analipeza litakodwa m'bango. Mpeni wake wodulira mpunga ndi tina timene tinatsala pamtengo anabweretsera mkazi wake. A Namulo kumaliroko sanafikeko. Anangotumiza thumba la ufa ndi munthu wodzapepesa.

Tsopano ku Nyumba ya Malamulo kunali bilu yolola kampani imodzi kugula mawailesi ochuluka momwe ingafunire, ndipo voti inali pafupi. Belita anali atapempha kuti alankhuleko m'malo mwa amayi. Wapampando wa msonkhano anakanda m'mutu, koma wamasiye sakanizidwa pagulu.

Belita anaimirira atapanira kamtolo kaja pachifuwa. Anyamata olondera phungu anasendera pafupi, maso awo ali pachitenje.

"Olemekezeka, ine sindinabwere kudzapempha kuponi," anatero Belita. "Mukapita ku Lilongwe mukakane bilu imeneyi. Mawailesi onse akalowa m'thumba la munthu mmodzi, tsiku limene iye sakufuna kutimva, tonse tasanduka osalankhula. Ine ndinaika mwamuna chifukwa cha zimenezi. Mukakane, ndi mawu anga okhawo."

A Namulo anamwetulira ngati kholo lomvetsera kamwana. Anali munthu wokonda kumveka pa wailesi kuposa kuimvera. Anakodola mtolankhani wa Mphezi amene anaima pambali, n'kukokera maikolofoni yake kukamwa kwawo.

"Mayi, pepani ndi zimene zinakugwerani. Koma a Mphezi ndi anzathu, ndipo biluyo ndikaivomera. Mukuiona maikolofoni iyi? Panopa mawu anga akumveka pompopompo pa mawailesi onse atatu, kuyambira kuno mpaka kwa Chiwalo. Ndiye watsekedwa pakamwa ndani?"

Anthu anaomba m'manja. Mtolankhani uja anayang'ana nsapato zake.

Kuomba m'manjako kunawaledzeretsa a Namulo. Analonjera omvera onse, a m'nyumba ndi a kumunda. Anatamanda a Mphezi chifukwa chobweretsa chitukuko. Kenaka anatembenukira kwa Lenia Makwale, mphunzitsi wopuma amene analimba mtima kufuna mpando wawo pachisankho chikubwerachi. Anati mayiyo azingolankhula ndi mbuzi zake, chifukwa palibe wailesi imene ingataye naye nthawi.

Belita sanakhale pansi. Anawasiya alankhule mpaka thovu kukamwa, pakuti ankafuna kuti mawu aliwonse atuluke kaye. Mtima unkamuwawa, komanso unkamukoma, ndipo kukomako sanachite nako manyazi. Anakumbukira mmene Fraser ankamangira kabudula wake ndi luzi popita kumunda, ndi mmene anthu anamubweretsera pamphasa. Choipa chitsata mwini. Kuyambira m'mawa anali akudikira nthawi imeneyi, ndipo anali atayesa kale kunyumba kuti chinthucho chikugwira bwino.

Phungu atapuma kuti amwe madzi, Belita anayandikira tebulo n'kuyamba kumasula mfundo ya chitenje. Amayi a mzere wakutsogolo anadzuka n'kukankhana. Wapampando anabisala kuseri kwa mpando wake. Mlonda mmodzi analumpha kuti amugwire mkono, koma anachedwa.

M'chitenjemo munali wailesi ya Fraser, matope ouma akadali m'mbali. Belita anaitsegula pafupi ndi chimkuzamawu, ndipo bwalo lonse linamva Lenia Makwale akulankhula pa Chigwa, pamsonkhano wake wa kwa Chiwalo. Anapotokola kupita pa wailesi yachiwiri, kenaka yachitatu, ndipo ponse anali Lenia yemweyo, muulutsi wa Mphezi akumutcha phungu wa mawa. Mawu a Namulo sankamveka ngakhale pa imodzi, pakuti a Mphezi anali atawataya kale, ndipo Belita anazimva pa wailesi yomweyo m'mawa.

"Imbani foni ku situdiyo, Olemekezeka," anatero Belita. "Mwina inu akuyankhani."